Mwamva kwa yani?

Mawu amene adalankhulidwa pa msonkhano wa magulu a omvera wailesi, ku Angónia

Andipempha kuti ndilankhulepo za mawu okopa ndi za mphekesera, zimene pa Chipwitikizi amati propaganda ndi boato. Ine sindidaphunzire za utolankhani ayi. Ndine womvera ngati inu. Ndidayamba kumvera pa ka Xirico ka malemu bambo anga, kamene tinkayanika mabatire ake padzuwa kuti kalankhuleko pang'ono madzulo. Choncho ndiyamba ndi kudziulula ndekha, pakuti nkhani imeneyi idandigwetsapo, ndipo pang'onong'ono ikadaphetsa mwana wa eni ake.

Chaka china m'dzinja, kolera itamveka m'midzi ya kufupi ndi malire, kwathu kudabwera mtsikana wa zaumoyo, aktivista, kudzathira mankhwala m'chitsime. Ndi mwana wa mudzi woyandikana nafe, makolo ake timawadziwa tonse. Patapita masiku atatu, mwana wa mnansi wanga adayamba kutsegula m'mimba ndi kusanza, ndipo m'mawa mwake tidamuika m'manda. Usiku wa maliro, ife amuna tili pamoto panja, bambo wina adatsitsa mawu nati: "Kodi mtsikana uja asadabwere, matendawa analipo m'mudzi muno?" Mumvetse bwino pamenepa. Sadanene kuti mtsikanayo wapha mwana. Adangofunsa, n'kubwerera ku fodya wake. Koma funsolo lidandikhala m'mutu usiku wonse. Nditafika kunyumba ndidawauza mayi a ana kuti pachitsime paja asatungeponso, azikatunga kudambo. Kudambo, abale anga, kumene mvula imakokolera zonse za m'tchire! M'mawa mwake ndili pachigayo ndidauzako anthu awiri, ndipo ine sindidafunse ngati mmene adachitira bambo aja. Ndidanena ngati chinthu chodziwika.

Pofika Loweruka anyamata adali atakhala pamphambano ndi miyala, kudikira mtsikana uja. Amene adamupulumutsa si apolisi kapena amfumu. Ndi agogo ena a m'mudzimo, amene ankabwera kuchokera kudimba ndi khasu paphewa. Atamva zimene anyamatawo akufuna kuchita, adakhala pansi pomwepo n'kufunsa mnyamata wa patsogolo kuti: "Iwe, wamva kwa yani?" Iye adatchula mnzake. Adamufunsanso mnzakeyo, iye adatchula amayi ake. Adaitanitsa amayiwo, iwo adati adamva kuchigayo. Chingwe chija adachikoka pang'onopang'ono mpaka chidafika pa ine. Ndidaima pamaso pa anthu manyazi atandigwira, n'kutchula bambo a pamaliro aja. Atawafunsa iwo adati: "Aaa, ine ndimangofunsa." Mudzi wonse unkati "aliyense akudziwa", koma podzafufuza padapezeka funso limodzi la munthu mmodzi. Kenaka mayi wa malemu, akulira, adanena kuti sabata yonseyo mwanayo adali naye kudimba, ndipo ankamwa madzi a mumtsinje. A pachitsime sadawalawe n'komwe.

Musaganize kuti izi ndi za mudzi wathu wokha. Ku Nampula mphekesera yomweyi yakhala ikubwerabwera kuyambira cha m'ma 1998. Mu 2009, m'boma la Mogincual, anthu adaukira ogwira ntchito mongodzipereka a Cruz Vermelha powanena kuti akufalitsa kolera, ena adaphedwa. Apolisi adamanga anthu ambiri n'kuwapanikiza m'kachipinda kamodzi, ndipo oposa khumi adafera momwemo chifukwa chosowa mpweya. Mu Epulo 2024 bwato la asodzi lidanyamula anthu pafupifupi 130 kuchoka ku Lunga kupita ku Ilha de Moçambique, lidamira, anthu pafupifupi 100 adafa, ambiri mwa iwo ana. Akuluakulu a boma ku Nampula adati ambiri ankathawa chifukwa cha mantha a nkhani zabodza za kolera. Ndipo tonse tikukumbuka za anamapopa mu 2017, mmene anthu adaphedwera ku Mulanje ndi ku Phalombe, a ku Malawi akumati zachokera kwathu kuno, uku nako ku Gilé, ku Zambézia, anthu akuphwanya nyumba za akuluakulu.

Tsono funso n'lakuti, kodi bodza lotere limalowa bwanji mwa munthu wanzeru zake? Chifukwa ine tsiku limenelo sindidaledzere, ndipo anthu a ku Nampula si opusa.

Limalowa chifukwa silibwera lokha, limabereka choonadi kumsana. Zinali zoona kuti mtsikana adathira mankhwala m'chitsime. Zinali zoona kuti mwana adamwalira patapita masiku atatu. Bodza lidali pa mfundo yomangira ziwirizi pamodzi basi. Azaumoyo amabwera ndi mankhwala chifukwa chakuti kolera yafika kale m'dera, ndiye anthu amaona mankhwala lero, maliro mkucha, n'kumati mankhwala ndiwo abweretsa maliro. Ngumbi zimatuluka mvula ikagwa, koma palibe amene amati ngumbi ndizo zagwetsa mvula. Pamwamba pa izo, pa Chipwitikizi mankhwalawo amati cloro ndipo matendawo amati cólera. Kwa agogo amene sadapite kusukulu, mawu awiriwa akulowa m'khutu ngati amodzi. Pamene zoona zake n'zakuti kolera ndi kachilombo kamene kamayenda m'madzi ndi m'zakudya zimene zakhudzana ndi chimbudzi cha munthu wodwala, ndipo cloro, yemwe ali mu Certeza uja timagula pamsika, ndiye amapha kachilomboko.

Palinso chinthu china chowawa chimene ndiyenera kunena ngakhale pano pali akuluakulu. Mphunzitsi wina wa pa Universidade Eduardo Mondlane, malemu Carlos Serra, adafufuza za ziwawa za ku Nampula zija n'kutulutsa buku mu 2003. Chimene adapeza n'chakuti anthu sankakhulupirira mphekesera chifukwa cha umbuli chabe, koma chifukwa adali atataya kale chikhulupiriro mwa anthu a maudindo. Munthu amene zaka zonse sadaone wa boma akubwera kudzamufunsa za njala yake, kapena amene adapitapo kuchipatala n'kubwezedwa chifukwa alibe ya m'manja, tsiku lina akaona anthu a pa njinga zamoto akumupatsa chinthu chaulere, amadzifunsa kuti, chikondi chimenechi chayamba liti? Wofalitsa bodza amadziwa pamene pali bala, ndipo amagwira pomwepo. Ndiye amene amati anthu akumudzi angofunika kuphunzitsidwa, akuona mbali imodzi yokha ya nkhaniyi.

Komabe chizindikiro chachikulu chimene ndidatolapo pa zimene zidandichitikira ndi ichi: uthenga wofuna kukugwira umakuthamangitsa. Sufuna ukagone nawo. Umati chita lero, uza ena msanga, ukachedwa ana ako atha. Ndipo ukafunsa funso, wofunsawe ndiwe umasanduka wolakwa: "Bwanji ukuwaikira kumbuyo, kapena nawenso adakudyetsa?" Agogo aja sadatsutse chilichonse. Sadanene kuti cloro ndi wabwino kapena woipa, mwina sankadziwa n'komwe. Adangochedwetsa anthu.

Apa ndisamveke ngati ndikuti kukopa konse ndi tchimo. Tonse pano tidakopedwapo ndipo tidakopapo, apo ayi bwenzi ena a ife tili mbeta ndi mikwatibwi yokhayokha yosakwatiwa. Mlangizi wa zaulimi amatikopa kuti tibzale m'mizere, namwino amakopa amayi kuti apite kusikelo, abusa amakopa Lamulungu lililonse. Koma mlangizi woona ukamufunsa kuti mbewu imeneyi idachita bwino kwa yani, amakutenga kukakuonetsa munda. Ukamuuza kuti ndikaganize kaye, amati kaganizeni. Yerekezani ndi wogula kachewere amene amafika ndi lole ndi sikelo yake madzulo, n'kumati: "Anzanu onse a kutsidyaku agulitsa kale, mawa mtengo utsika, ine ndikunyamuka pompano." M'mawu ochepawa wakuuzani zinthu ziwiri zimene simungathe kuzitsimikiza, n'kukulandani nthawi yoti mukafunse. Mawu oti "onse" amenewa muziwaopa. Munthu safuna kutsala yekha, ndipo wokopa amadziwa zimenezo. Inenso pachigayo paja ndidati "anthu onse akunena", chonsecho ndidamva kwa munthu mmodzi.

Nthawi ya kampeni ndiye nyengo yokolola ya zonsezi. Kuyambira chisankho choyamba cha zipani zambiri mu 1994 taona zitenje, malaya, zisoti, oimba pa galimoto, ndipo mbali zonse zimachita. Sindikuti mukane chitenje, landirani, kuzizira kwa ku Angónia kuno sikuona chipani. Koma chitenje si yankho la funso lakuti mlatho uja mumanga liti, ndi ndalama zochokera kuti. Nyimbo ikakoma, mawu amodzimodzi akabwerezedwa m'mawa, masana ndi madzulo, mutu umayamba kuwalandira ngati zinthu zimene udadziwa kale. Kubwereza sikusandutsa mawu kukhala oona, kumangowazoloweretsa. Akulu adati chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere.

Lero ntchito ya bambo a pamaliro aja ikugwiridwa ndi foni. Pa WhatsApp pamabwera mawu ojambulidwa a munthu wosatchula dzina lake, akuti ndine namwino, kapena mlamu wanga ndi wapolisi, ndipo wandiuza chinsinsi. Satchula chipatala, satchula tsiku, koma pomaliza amati tumizani kwa onse amene mumawakonda. Mukalandira uthenga womwewo kuchokera kwa mlongo wanu wa ku Tete, kwa mphwanu wa ku Johannesburg ndi kwa mnzanu wa ku Dedza, mumati mboni zakwana zitatu. Ayi ndithu. Ndi ngalande zitatu zochokera pa kasupe mmodzi. Zithunzi nazo zimanama: chithunzi chingakhale choona, koma cha chaka china kapena cha dziko lina, mawu a pansi pake okha ndiwo atsopano.

Tsopano ndifike pa wailesi, poti ndiyo yatisonkhanitsa. Timaikonda, koma tisaiwale kuti wailesi ndi pakamwa chabe, imanena zimene mwini pakamwa wafuna. Ku Rwanda mu 1993 kudatsegulidwa wailesi yotchedwa RTLM. Siidayambe ndi kunena kuti iphani anthu. Idayamba ndi nyimbo zokoma za ku Zaire, nthabwala, ndi aulutsi olankhula ngati anzako a pabawo, mwakuti achinyamata adaikonda kuposa wailesi ya boma. Pang'onopang'ono m'nthabwalamo Atutsi adayamba kutchedwa inyenzi, ndiye kuti mphemvu. Omvera ankauzidwa tsiku ndi tsiku kuti anthu amenewa akukonza zokuphani, mukapanda kuyamba ndinu muthedwa. Kupha kutayamba mu Epulo 1994, wailesiyo inkawerenga maina a anthu, manambala a galimoto zawo ndi malo amene abisala. M'masiku pafupifupi 100 mudafa anthu pafupifupi 800,000, ambiri ophedwa ndi anansi awo. Mu 2003 khoti la mayiko onse la ku Arusha lidapeza wolakwa Ferdinand Nahimana, mmodzi mwa oyambitsa wailesiyo, munthu wophunzira kwambiri, mphunzitsi wa mbiri yakale pa yunivesite. Oweruza adati adaphetsa anthu miyandamiyanda osagwira mfuti kapena chikwanje.

Nkhani ya kupatsa anthu maina imeneyi ife si yachilendo. Atsamunda ankatcha omenyera ufulu kuti turras. Titalandira ufulu mu 1975 kudabwera Xiconhoca, kamunthu kojambula kamene kankaimira waulesi, wakatangale ndi kazitape, ndipo dzinalo likakumata pamsonkhano wa m'mudzi udalibe pothawira. Kuchokera ku Rhodesia kunkamveka wailesi ya Voz da África Livre, imene kuno ankaitcha Voz da Quizumba, mawu a fisi. Pa nkhondo ija idatithamangitsira ambiri a ife ku Dedza ndi ku Ntcheu, awa ankatchedwa bandidos armados, awo ankatchedwa makomyunisiti. Koma pa 4 Okutobala 1992 ku Roma a Joaquim Chissano ndi a Afonso Dhlakama adagwirana chanza, ndipo titabwerera kumudzi tidapeza kuti "bandido" uja ndi mwana wa azakhali, "komyunisiti" uja ndi mlamu. Dzina lotere ntchito yake ndi imodzi, kuti usamuonenso munthuyo ngati mwana wa uje. Anyamata a pamphambano aja sankadikira mtsikana amene adasewera naye ali ana. Ankadikira "wa kolera".

Mwina wina pano akuti, ndiye kuti tizingokhulupirira zimene anena a boma, zina zonse ndi boato? Ayi, sindikunena zimenezo, ndipo ife a chigawo cha Tete tili ndi chifukwa chokanira. Pa 16 Disembala 1972 asilikali a Apwitikizi adapha anthu pafupifupi 400 ku Wiriyamu ndi midzi yozungulira, kufupi ndi mzinda wa Tete. Amene adapulumuka adafotokozera ansembe a ku Spain amene ankagwira ntchito m'deralo, ansembewo adalemba maina a akufa, ndipo pa 10 Julaye 1973 wansembe wina wa ku England, Adrian Hastings, adaitulutsa nkhaniyo m'nyuzipepala ya The Times ku London. Boma la ku Lisboa lidati ndi bodza la adani, mpaka kunena kuti malo otchedwa Wiriyamu kulibe. Padatha zaka pafupifupi 50 kuti nduna yaikulu ya Portugal, António Costa, apepese ali ku Maputo mu 2022. Apa wofalitsa bodza adali boma, ndipo onena zoona adali anthu wamba. Koma taonani kusiyana kwake ndi nkhani ya chitsime chathu. Ya ku Wiriyamu idali ndi tsiku, malo, maina a akufa, ndi anthu amene adaona ndi maso n'kuvomera kufunsidwa. Ukaikoka chingwe, chinkafika pa mboni. Ya kwathu titaikoka idafika pa munthu woti "ndimangofunsa". Choncho funso la agogo lija n'lofunsa aliyense: mnansi, mneneri, wogula kachewere, wa chipani, administrador, ndi muulutsi wa pa wailesi yathu yomwe.

Ife a magulu a omvera tili pa malo ovuta. M'midzi yambiri anthu sakumva wailesi yokha, akumva ife. Amatifunsa kuti, kodi dzulo anena zotani? Ndipo paja akulu adati kandimverere adakanena za m'maluwa. Ine ndaonapo m'gulu lathu lomwe, pologalamu itanena kuti katemera angapatse mwana kutentha thupi kwa tsiku limodzi kapena awiri, pofika kumudzi wachitatu nkhani inali yakuti wailesi yachenjeza kuti katemera akudwalitsa ana. Palibe amene adanama dala. Aliyense adangodulako pang'ono n'kuthirako kamchere. N'chifukwa chake ndimalimbikira kuti mlembi wa gulu azilemba m'kope zimene zanenedwa pologalamu ili m'kati, ndipo tikamakauza ena tizisiyanitsa: izi anena pa wailesi, izi ndi maganizo anga.

Kwa anzathu aulutsi ndili ndi pempho. Pa pologalamu ya mauthenga ndi ya kuimba foni, munthu akayamba kuti "akuti kumudzi wakuti kuli mfiti" kapena "anthu obwera aja ndiwo akuba", musamusiye amalize chifukwa choti pologalamu yatentha. Mufunseni pomwepo kuti waona yekha kapena wamva, ndipo wamva kwa yani. Dzina la munthu likatuluka pa wailesi silibwereranso. Komanso musamangotiwerengera zikalata za maofesi. Muwaitane eni akewo abwere adzayankhe mafunso athu m'Chinyanja, ngakhale mafunso owawa, monga chifukwa chake amaoneka nthawi ya mliri yokha.

Mvula yayandikira, ndipo mphekesera za kolera zimabwera ndi mvula. Tagwirizana ndi a komiti kuti gulu lililonse likhale ndi tsamba m'kope lolembapo mphekesera zimene zikuyenda m'dera lake: zikunena chiyani, zamveka kuti, tsiku liti. Musalembe dzina la amene wanena, sitikufuna kumangitsa munthu. Matsambawo azifika kuwailesi pamodzi ndi malipoti a mwezi, koma ikakhala yoti ikutchula munthu kapena ikuitana anthu kuti achitepo kanthu, musadikire mwezi, imbani foni tsiku lomwelo. Ndipo azaumoyo asanathire mankhwala m'chitsime chilichonse, tipemphe amfumu aitane anthu, botolo lionetsedwe poyera, afunse amene ali ndi funso, wothirayo ayambe ndiye kumwa madziwo.

Mtsikana uja adasiya ntchito ya uaktivista chaka chomwecho, pano adakwatiwa ku Tsangano. Ndidapita kwa makolo ake ndi nkhuku kukapepesa. Bambo ake adailandira, koma mayi ake mpaka lero tikakumana pamsika amandiyankha moni akuyang'ana kumbali.